Kodi WordPerfect inagwa yokha kapena inachita kugwetsedwa?

Wophunzira wa ku Zomba: Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu akuluakulu amene munagwira makompyuta ife tisanabadwe. Lero m'kalasi aphunzitsi atchula kuti Microsoft Word isanatchuke, maofesi ambiri ankalembera pa pulogalamu yotchedwa WordPerfect, ndipo nayonso akuti inachita kulanda mpando kwa ina yotchedwa WordStar. Ine chiyambire ndimangodziwa Word. Zinatheka bwanji kuti chinthu chimene anthu ambiri chonchi ankachidalira chizimiririke mpaka ife osachimva n'komwe? Kodi sichinkagwira bwino ntchito?

Nachisale: Mwanangu, chinkagwira bwino kwambiri, ndipo akukuyankha pano ndi munthu amene anadyera pomwepo. Ine usekilitale ndinayambira pa tayipi, ya kaboni ndi Tipp-Ex ija, yoti ukaphonya mzere womaliza abwana amakubwezera kuti utayipenso pepala lonse. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ofesi yathu ku Blantyre inagula kompyuta yokhala ndi WordPerfect 5.1. Ukaitsegula, sikirini yonse inkakhala yabuluu, yopanda kanthu, kupatula timawu ta pansi kudzanja lamanja tokuuza tsamba ndi mzere umene uli. Mausi ife tinalibe. Pamwamba pa kiyibodi tinkayala kachidutswa kolembedwa ntchito za mabatani a F aja. F10 kusunga, Shift ndi F7 kupulinta, F6 kudetsa zilembo, F8 kudula mzere kunsi kwa mawu, F7 kutuluka. Wofuna thandizo ankadina F3, osati F1 ngati lero, chifukwa F1 inali yoletsa zimene wayamba. Pakatha mwezi zala zinkadziwa zokha. Maso ali pa zolemba za abwana, manja osachoka pa kiyibodi.

Koma chimene ndimachisowa mpaka pano ndi Reveal Codes. Ukadina Alt ndi F3, sikirini inkagawika pawiri, m'munsimo n'kuoneka zizindikiro zonse zobisika: apa zilembo zakuda zayamba, apa zatha, apa pali tab, apa malire a pepala asintha. Ndime ikapotoka, umaona ndi maso chimene chaipotoza, n'kuchifufuta, nkhani yatha. Pa Word ndime imatha kukuthawa iwe osadziwa chaikankha n'chiyani.

aPhiri a ku Lilongwe: Amayi anena zoona zokhazokha. Koma mphwanga, kuti uimve bwino nkhaniyi uyambe ndi pulogalamu imene imayendetsa kompyuta yonse, ija timati operating system, chifukwa pulogalamu yolembera siyenda payokha, imadalira imeneyo pa chilichonse.

M'zaka za m'ma 1970, makompyuta ang'onoang'ono ambiri a m'maofesi ku America ankayendera CP/M, imene analemba Gary Kildall wa kampani ya Digital Research ku California. WordStar, ya kampani ya MicroPro ya Seymour Rubinstein, inatuluka chakumapeto kwa zaka zimenezo ikuyendera CP/M yomweyo, ndipo awiriwa anakulira limodzi. Ndiye mu 1980 IBM inaganiza zopanga kompyuta yake yaing'ono. Anthu a IBM anapita kwa Digital Research kukakambirana za CP/M koma sanagwirizane. Microsoft, imene nthawiyo inkadziwika makamaka ndi BASIC, chilankhulo cholembera mapulogalamu, inalonjeza kuti ipeza china. Inapita kwa kampani ya Seattle Computer Products, kumene Tim Paterson anali atalemba 86-DOS, yofanana kwambiri ndi CP/M pa kagwiritsidwe kake. Inalipira madola 25,000 poyamba, kenako madola 50,000 kuti ikhale yake yonse. IBM PC inatuluka mu Ogasiti 1981 ikuyendera pulogalamu yomweyo, imene inadzadziwika ndi dzina loti DOS kapena MS-DOS.

Pali zinthu ziwiri pamenepa zimene ana a sukulu ayenera kuzidziwa. CP/M inadzapezekanso pa IBM PC, koma pa mtengo wa madola 240, pamene DOS inali madola 40. Ndipo Microsoft sinagulitse DOS kwa IBM kotheratu. Inasunga ufulu woigulitsanso kwa makampani ena. Compaq ndi anzake atayamba kupanga makompyuta otengera IBM PC, aliyense ankagula MS-DOS kwa Microsoft. Kuyambira pamenepo amene ankalamulira sanalinso opanga makinawo.

Mwale wa ku Johannesburg: Bambo Phiri, mbiri mwaiyala bwino, koma ndikuona kumene mukulowera ndipo ndikufuna ndikutsekereni msanga. WordStar sinaphedwe ndi Microsoft. Inasamukira pa DOS bwinobwino ndipo inali patsogolo kwa zaka zingapo. Anthu ankaikonda chifukwa cha Ctrl ndi zilembo zinayi zija, E kukwera, X kutsika, S kumanzere, D kumanja, poti makiyibodi ambiri akale analibe mabatani a mivi. Ndiye mu 1984 eni ake anatulutsa WordStar 2000, yokhala ndi mabatani ena ndi kasungidwe kena ka mafayilo. Tangoganizani munthu amene waloweza mabatani kwa zaka, kampani yomweyo n'kumuuza kuti ayambirenso kuphunzira. Ngati akuyenera kuphunzira chatsopano, n'chiyani chomuletsa kuphunzira cha kampani ina? Ambiri anapita ku WordPerfect chifukwa cha zimenezo.

aPhiri a ku Lilongwe: Za WordStar sindikutsutsa, achimwene. Ndipo WordPerfect inatenga mpandowo ndi thukuta lake. Anaiyambitsa Alan Ashton ndi Bruce Bastian a ku Brigham Young University, ndipo poyamba anailembera boma la mzinda wa Orem ku Utah, pa makina a Data General. Pa DOS inafika mu 1982. Inkayenda mofulumira ngakhale pa kompyuta yofooka, inkadziwa mapulinta ochuluka zedi, ndipo kampaniyo inali ndi nambala ya foni yaulere yoti aliyense ku America aziimbapo akasowa mtengo wogwira. Pofika pa 4.2 mu 1986 ndi 5.1 mu 1989, maofesi a maloya ndi a boma anali m'manja mwake. Word ya pa DOS inalipo kuyambira 1983 koma inkatsalira kumbuyo. Ndiye funso ndi lakuti, ngati pa DOS Microsoft inalephera kuigonjetsa, zinatheka bwanji pa Windows?

Mwale wa ku Johannesburg: Zinatheka chifukwa eni ake a WordPerfect, a ku Orem, anagona. Windows 3.0 inatuluka mu Meyi 1990. Word ya pa Windows inali itatuluka kale mu 1989. WordPerfect ya pa Windows inadzatuluka chakumapeto kwa 1991, ili ndi mavuto akenso, yochedwa, yongoima pakati pa ntchito. Chaka ndi theka pa malonda a makompyuta si nthawi yochepa. Komanso musaiwale kuti Microsoft inaphunzira kale kulemba mapulogalamu a mausi ndi zithunzi. Charles Simonyi, amene anatsogolera ntchito ya Word, anachokera ku Xerox PARC kumene anapangako Bravo, pulogalamu imene inkaonetsa pa sikirini mmene pepala lidzatulukire. Word ya pa Macintosh, kompyuta ya Apple, inatuluka mu 1985, Excel chaka chomwecho pa Macintosh pomwepo. Anzawo ali kalikiliki ndi mabatani a F, iwo anali atazolowera kale zimene zikubwera.

aPhiri a ku Lilongwe: Anagona, inde, koma funsani kuti ankayang'ana kuti. Mu 1987 IBM ndi Microsoft anatulutsa limodzi OS/2, ndipo onse awiri ankauza opanga mapulogalamu kuti imeneyi ndiyo idzalowe m'malo mwa DOS. Makampani ngati Lotus ndi WordPerfect anathera nthawi ndi ndalama polembera OS/2. Windows 3.0 itayamba kuyenda malonda, Microsoft inasiyana ndi IBM n'kuika mphamvu zonse pa Windows. Amene anamvera malangizo aja anapezeka kuti akonzekera njira imene anthu sakudutsamo. Microsoft yokha ndi imene inkadziwa za m'nyumba mwake.

Ine ndimaziona chonchi. Pa msika, mwini msika ndi amene amagawa mabenchi, amadziwa tsiku limene chipata chidzasinthe, ndiye iyeyonso n'kumagulitsa tomato. Tomato wake akhoza kukhala wabwino ndithu, sindikukana, koma anzake sangapikisane naye mofanana.

Wophunzira wa ku Zomba: Zikomo kwambiri, ndikutola zambiri. Koma bambo, ngati zinali choncho, panalibe amene anakasuma? Nanga Apple inali kuti nthawi yonseyi?

Banda wa ku Leeds: Anasuma, mphwanga, kangapo konse, ndipo milanduyo ndi imene imathandiza kuti tisamangokangana ndi maganizo. Ndiyambe ndi wa Digital Research. Kampani ya Kildall ija sinafe mu 1981. Mu 1988 inatulutsa DR DOS, yoyendetsa mapulogalamu onse a MS-DOS, ndipo DR DOS 5.0 ya mu 1990 inkasiyira mapulogalamu malo ambiri m'kati mwa 640K, memori imene mapulogalamu a DOS ankakwanitsa kugwiritsa ntchito, kuposa MS-DOS ya nthawi imeneyo. Ndiye pa Windows 3.1 yoyeserera, imene inatumizidwa kwa anthu chakumapeto kwa 1991, munali kachidutswa kobisika kamene kankafufuza ngati kompyuta ikuyendera DOS ya Microsoft. Ikakhala ya DR DOS, pankatuluka uthenga wonena kuti pali vuto. Akatswiri anadzakatulukira ndipo kamadziwika ndi dzina loti AARD code. Pa Windows 3.1 yogulitsa anakazimitsa, koma uthenga unali utafika kale kwa ogula: DR DOS ndi yokayikitsa. Kampani ya Caldera, imene inadzagula DR DOS, inasuma mu 1996, ndipo mu Januwale 2000 Microsoft inathetsa mlanduwo kunja kwa khoti. Patapita zaka zinadzadziwika kuti inalipira madola 280 miliyoni.

Chinanso chinali mgwirizano ndi opanga makompyuta. Kampani inkalipira Microsoft pa kompyuta iliyonse imene yagulitsa, kaya muli MS-DOS kaya mulibe. Wofuna kuikamo DR DOS ndiye kuti alipira kawiri. Boma la America linaletsa zimenezi mu 1994. Kildall anamwalira chaka chomwecho.

Za Apple n'zachidule. Kompyuta yake ya Lisa ya mu 1983 inali madola 9,995, ndipo anagula ndi ochepa. Macintosh ya mu 1984 inali madola 2,495, yabwino kwambiri, koma Apple yokha ndi imene inkapanga makinawo, pamene makina a DOS ankapangidwa ndi makampani ambirimbiri mitengo n'kumatsika. Apple inasumira Microsoft mu 1988 kuti Windows ikutengera maonekedwe a Macintosh, koma mlanduwo inagonja.

Mwale wa ku Johannesburg: Achimwene a ku Leeds, malizitsani ndi mlandu wa WordPerfect weniweniwo, chifukwa umenewo uli mbali yanga.

Banda wa ku Leeds: Ndimalize ndithu. Novell inagula WordPerfect mu 1994, n'kugulanso Quattro Pro, pulogalamu yofanana ndi Excel, kwa Borland, pofuna kupikisana ndi Microsoft Office. Sizinayende, ndipo mu 1996 inagulitsa zonsezo kwa Corel ya ku Ottawa ku Canada pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene inagulira. Mu 2004 Novell inasuma. Dandaulo lake linali lakuti pokonza Windows 95, Microsoft inaonetsa opanga mapulogalamu njira zina zolumikizirana ndi Windows, a WordPerfect n'kuyamba kumangapo, kenako mu Okutobala 1994 Microsoft n'kuzibweza. WordPerfect ya pa Windows 95 inachedwa miyezi yambiri, pamene Office 95 inatuluka limodzi ndi Windows 95 mu Ogasiti 1995. Bill Gates anakaperekera umboni ku Salt Lake City mu 2011. Anthu wamba osankhidwa kuweruza mlanduwo (jury) sanagwirizane chimodzi, ndipo mu 2012 jaji anagamula mokomera Microsoft. Khoti la apilo linavomereza mu 2013, ndipo khoti lalikulu la America linakana kumva nkhaniyo mu 2014.

Koma bambo Mwale, muonetsetse chimene khoti linanena. Silinanene kuti WordPerfect sinapwetekedwe. Mfundo yake inali yakuti malamulo a mpikisano sakakamiza kampani kuthandiza mnzake wopikisana naye. Nkhani ziwirizi n'zosiyana.

Mwale wa ku Johannesburg: Chabwino, pamenepo ndamva. Komabe pofika 1995 WordPerfect inali itataya kale anthu ambiri. Windows 95 inangomalizitsa.

Mbewe wa ku Chipata: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Kuno kwathu nkhani ya mpikisano sitinkaimva n'komwe. Kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, kompyuta yoyamba inabwera ngati mphatso, yakale kale, ndipo chimene chinali m'katimo ndi chimene tinaphunzira. Munali DOS ndi WordPerfect. Mayeso tinkatayipa pamenepo, kenako tinkachotsa riboni pa pulinta ya dot matrix, n'kulowetsa sitensulo m'malo mwa pepala kuti masingano aja aiboole. Sitensuloyo tinkakaikoleka pa Gestetner n'kumapukusa ndi dzanja mpaka mapepala a kalasi yonse atakwana, inki ili m'zikhadabo. Mayina a mafayilo sankayenera kupitirira zilembo zisanu ndi zitatu, ndiye tinali ndi kabuku kolembamo kuti fayilo yakuti ndi mayeso a giredi yanji. Itabwera kompyuta ina patapita zaka, munali Windows ndi Word, ndipo tinasintha. Palibe anatifunsa, ndipo nafenso sitinaganize kuti pali choti tisankhe.

Nachisale: Aphunzitsi, mwandikumbutsa chilembo cha ŵ. Nthawi imeneyo m'makalata ambiri dzina la dziko lathu tinkalemba Malaŵi, ndi kadenga pamwamba pa w. Pa tayipi yanga panalibe, ndiye kalata ikatha ndinkatenga cholembera chakuda n'kuika kadengako pamanja, pa kope loyamba ndi pa makope a kaboni omwe. DOS nayo inalibe chilembo chimenechi pa zilembo zake. Koma WordPerfect inali ndi ndandanda yakeyake ya zilembo za zilankhulo zambiri, ndipo ukadina Ctrl ndi V umatha kuitanitsa chilembo chimene sichili pa kiyibodi. Pa sikirini pankangooneka kabokosi, koma pa pepala ŵ inkatuluka yathunthu. Tsiku limene ndinaiona ikutuluka pa pulinta ndinaitana anzanga a ofesi yoyandikana kuti adzaone. Titasamukira ku Windows yoyambirira ija, mafonti ambiri analibe chilembochi, ndipo tinabwereranso ku cholembera kwa kanthawi ndithu.

Banda wa ku Leeds: Amayi, kuno anthu a ku Wales anavutika ndi chilembo chomwecho, poti nachonso chili m'chilankhulo chawo. Unicode, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse cha zilankhulo zosiyanasiyana nambala yakeyake, ndi imene inadzathetsa vutoli. Pa Word ya masiku ano mukatayipa 0175 n'kudina Alt ndi X, ŵ imatuluka.

aPhiri a ku Lilongwe: Zimene anena aMbewe ndi zimene ndimafuna mnyamata wathu agwire. Ife amene tinkakonza makompyuta m'maofesi tinaona mmene kusinthako kunachitikira, ndipo sikunali koti masekilitale anayesa ziwirizi n'kusankha. Kuyambira 1990 Microsoft inayamba kugulitsa Word, Excel ndi PowerPoint m'bokosi limodzi la Office pa Windows, motsika mtengo kusiyana n'kugula chimodzichimodzi. Kale ofesi inkagula WordPerfect kwa kampani ina, Lotus 1-2-3, yochita ntchito ngati ya Excel, kwa kampani ina. Tsopano wogula zinthu za ofesi, amene satayipa n'komwe, ankangoona kuti bokosi limodzi latha zonse. Lotus inayesa ndi SmartSuite, mmene munali Ami Pro, pulogalamu yolembera yabwino ndithu imene ambiri sanaione n'komwe, koma mu 1995 Lotus yomweyo inagulidwa ndi IBM. Microsoft inaikanso mu Word thandizo lapadera la anthu ochokera ku WordPerfect, loti ukadina batani limene unazolowera, ikuonetse mmene zimachitikira pa Word, ndipo Word inkatsegula mafayilo a WordPerfect.

Chinatsala ndi mafayilo. Likulu la bungwe likatumiza fomu ya .doc pa disiketi, ofesi ya kuno iyenera kukhala ndi Word kuti tebulo lisabalalike. Wopereka thandizo akafuna lipoti, akufuna la .doc. Word 97 itatuluka ndi kasungidwe katsopano, amene anali ndi Word yakale ankalephera kutsegula zochokera kwa anzawo, ndiye nawonso ankakakamizika kusintha. Ine ndinachotsa WordPerfect pa makompyuta ambiri amayi ena akudandaula pambali panga, ndipo dandaulo lawo linali lomveka: liwiro lawo lotayipa linatsika chifukwa dzanja linayamba kuchoka pa kiyibodi kukafuna mausi.

Nachisale: Linatsikadi. Ndipo ntchito yathu inayamba kuchepa nthawi yomweyo, chifukwa Word inali yosavuta kwa munthu amene sanapite ku kosi. Abwana anayamba kutayipa okha ndi zala ziwiri. Pamenepo ndiyenera kuwavomereza bambo Mwale: kwa munthu watsopano, kuona batani lojambulidwa pulinta n'kosavuta kuposa kuloweza Shift ndi F7. Ife amene tinaloweza tinataya, ena ambiri anapindula.

Wophunzira wa ku Zomba: Amayi, bambo, zikomo. Ndafufuza pang'ono ndipo ndaona kuti WordPerfect ikugulitsidwabe. Ndiye kuti sinafe? Ndipo nkhani ya mafayilo ija inathera pati, poti ife timangotumizirana .docx?

Banda wa ku Leeds: Ilipo, ndipo maofesi ena a maloya ku America sanaisiye chifukwa cha Reveal Codes yomwe aitchula amayiyo, poti zikalata za kukhoti zimafuna kuti mzere uliwonse ukhale pamalo pake. Koma ogwiritsa ntchito ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale.

Mwale wa ku Johannesburg: La mafayilo ndiyankhe ine, chifukwa dziko lino linalowererapo. Maboma ena anayamba kuda nkhawa kuti zikalata za boma zikusungidwa m'njira imene kampani imodzi yokha ndi imene ikuidziwa bwino. Pakapita zaka makumi atatu, adzatsegula ndani? Ndiye panabwera OpenDocument, mafayilo a .odt aja, imene bungwe la ISO, loona za miyezo pa dziko lonse, linaivomereza mu 2006 kuti aliyense akhoza kuigwiritsa ntchito. Microsoft inabweretsa yake, Office Open XML, imene ndi .docx ya Word 2007 kupita m'tsogolo, ndipo ISO inaivomereza mu 2008 pambuyo pa mkangano waukulu. South Africa inali itasankha kale OpenDocument mu 2007 kuti ikhale ya zikalata za boma, ndipo mu 2008 inachita apilo ku ISO pa mmene .docx inavomerezedwera, limodzi ndi Brazil, India ndi Venezuela. Apiloyo inakanidwa. Ndipo bambo Phiri, apa ndiye ndikugwirizana nanu kwambiri, chifukwa lamulo la boma linalembedwa papepala koma m'maofesi amene ine ndalowamo kuno, aliyense amatumizabe .docx.

Mbewe wa ku Chipata: Kwa amene ali ndi madisiketi akale m'makabati, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a WordPerfect, ngakhale a 5.1. Chovuta ndi kupeza makina owerengera disiketiyo. Ya mainchesi atatu ndi theka imawerengeka ndi kachipangizo kolumikiza pa USB, koma zikuluzikulu zofewa zija za mainchesi asanu ndi kota kawirikawiri zimafuna kompyuta yakale yeniyeni. Mukaipeza, koperani zonse tsiku lomwelo, chifukwa disiketi imene yakhala zaka zambiri pachinyezi imatha kuwerengeka kamodzi kokha.